Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mmene ndinasankhira zipangizo za kompyuta yanga yoyamba

Ndikuthokoza nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapitali, makamaka inu amene munandipepesa pa imfa ya bambo, komanso amayi aja a ku Mzuzu amene anandikumbutsa kuti ndinalonjeza kufotokoza za kompyuta imene mumaiona mu shopu yanga. Nkhani ziwirizi ndi zolumikizana kuposa mmene ambiri mukudziwira.

Monga mukukumbukira, laputopu ija ya kaunjika inandidyetsa zaka zingapo ndikupanga makadi a ukwati ndi mapulogalamu a zinkhoswe, kufikira pamene makasitomala anayamba kufuna kuti ndiziwakonzeranso mavidiyo, ndipo iyo inkatentha n'kuzima yokha ntchito ili mkati. Kumayambiriro kwa 2021 ndinatsimikiza zomanga kompyuta yapatebulo, kugula chipangizo chilichonse pachokha. Ena munafunsa chifukwa chimene sindinangogula yakale yochokera m'maofesi a kunja. Makompyuta ambiri otero amakhala ndi motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse) ndi power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta) zimene kampani inazipangira mtundu umenewo wokha, moti chimodzi chikapsa, cholowa m'malo mwake chimasowa, ndipo malo owonjezera zinthu amakhala ochepa.

Poyamba ndinkafuna Intel Core i3-10100F, processor (ubongo wa kompyuta) yotsika mtengo ya ma core anayi (tizigawo ta mkati mwake togawana ntchito), koma chilembo F chikutanthauza kuti payokha siingaonetse chithunzi pa sikirini, imafuna graphics card, chipangizo chapadera choonetsa zithunzi. Ndalama za card imeneyo ndinkazisonkha ku banki mkhonde, ndipo titagawana ndinaziika mu envulopu yakeyake.

Envulopu imeneyo ndi imene ndinanyamula usiku umene achemwali anandiimbira kuti bambo akulephera kupuma. Ndinalipira galimoto yowatenga kumudzi kupita nawo kuchipatala, kenako mankhwala amene tinauzidwa kuti tikagule tokha, kenako chakudya cha mayi amene ankagona pansi pafupi ndi bedi lawo. Tsiku lina bambo anandigwira dzanja n'kundifunsa, mawu akutuluka movutikira, ngati ndalama zimene ndikuwononga si zija za ntchito yanga, chifukwa ankadziwa zonse za kompyutayo ndipo ankauza anzawo kumudzi kuti mwana wawo akufuna kudzipangira makina. Ndinawayankha kuti asadere nkhawa, ntchito idzadikira. Anangotseka maso osanenanso kanthu, koma dzanja langa sanalisiye msanga. Zotsala mu envulopu zinagula bokosi, ufa ndi ndiwo za pamaliro, komanso zinalipira galimoto imene inanyamula thupi lawo kubwerera ku Ntcheu. Sindinadandaulepo ngakhale tambala imodzi ya ndalama zimenezo, ndipo amene ananena pa maliro paja kuti ine ndinkaumira ndalama bambo akudwala, Mulungu ndi amene akudziwa zimene zinatuluka m'thumba mwanga.

Nditabwerera ku Blantyre ndinali ndi ndalama za zipangizo zina zonse kupatula graphics card, ndipo chaka chimenecho mitengo ya ma card inali itakwera padziko lonse, chifukwa mliri wa Covid-19 unasokoneza mafakitale pamene anthu okumba ndalama za pa intaneti monga Ethereum ankagula ma card ambirimbiri. Msuweni wanga wa ku Johannesburg, amene munamudziwa mu gawo lachinayi, ndi amene anandiuza kuti ndiyang'ane ma processor a AMD okhala ndi chilembo G kumapeto, omwe ali ndi mbali yoonetsa zithunzi mkati mwake. Ndinayerekeza atatu. Athlon 3000G inali yotchipa kwambiri, koma ma core awiri sakanakwanira pa mavidiyo a ukwati. Ryzen 5 3400G ndinailakalaka, koma ndalama sizinafike. Ndinasankha ya pakati, Ryzen 3 3200G, imene inatuluka mu 2019 pa mtengo wa madola 99, ili ndi ma core anayi ndi Vega 8 yoonetsa zithunzi, imadya mawati 65 okha, ndipo m'bokosi mwake mumabwera kale fani yoiziziritsa. Tinaigula modula kuposa mtengo umenewo, popeza aliyense wosowa card ankathamangira komweko.

Pa motherboard ndinakana A320, yotsika mtengo kuposa zonse, n'kutenga B450 yokhala ndi malo anayi a RAM (memory yosunga zimene kompyuta ikuchita pa nthawiyo), chifukwa ndinkadziwa kuti ndikuyamba ndi zochepa ndipo ndidzawonjezera. Ndinamupempha msuweni kuti aonetsetse kuti pa bokosi pali chizindikiro chakuti board ikulandira Ryzen 3000, chifukwa ma B450 oyambirira ankafuna kuti BIOS, pulogalamu ya mu board imene imadzutsa kompyuta, ikonzedwe kaye, ndipo pa ambiri mwa iwo ntchito imeneyo imafuna processor ina yakale imene ine ndinalibe.

Achimwene amene munalemba kuti kugula RAM ziwiri za 4GB m'malo mwa imodzi ya 8GB kunali kutaya malo, ndiloleni ndikuyankheni mwaulemu. Processor ya mtundu wa G ilibe memory yakeyake ya zithunzi, imabwereka ku RAM ya kompyuta yonse. RAM ikakhala imodzi, processor ndi mbali ya zithunzi zimalimbirana njira imodzi, ngati mudzi wonse ukutunga pa mjigo umodzi, koma zikakhala ziwiri m'malo oyenera njira zimakhala ziwiri, ndipo kusiyana kwake kumaoneka ndi maso pamene vidiyo ikusewera. Ndinawonjezera SSD (chosungira mafayilo chachangu) ya 240GB yoikamo mapulogalamu, ndipo hard disk ya mu laputopu yakale ija inakhala yosungiramo mafayilo a makasitomala.

Pamene ndinasiyana maganizo ndi alamu anga ndi pa power supply. Bokosi la kompyuta ndinagula lotchipa ku Limbe, koma power supply yopanda dzina imene inabwera nalo ndinaichotsa, n'kugula ya mawati 450 yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze chosonyeza kuti siitaya magetsi ambiri, pamodzi ndi UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kopatsa kompyuta mphamvu magetsi akazima. Alamu anauza abale kuti munthu amene wangoika bambo ake m'manda akuwononga ndalama pa zinthu zosaoneka, ndipo mawu amenewo anafika kwa mayi. Sindinawayankhe nthawi imeneyo chifukwa cha ulemu, koma lero ndinena. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima ndi kuyaka nthawi iliyonse. UPS ija inkandipatsa mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino, moti sindinatayepo vidiyo ya kasitomala, ndipo makadi a ukwati wa mwana wamkazi wa alamu omwewo anapangidwa pa kompyuta yomweyo. Pambuyo pake ndinakonza BIOS n'kuika Ryzen 5 5600G ya ma core asanu ndi limodzi pa board yomwe ija, popeza zonse ndi za socket ya AM4, kutanthauza kuti malo ake olowera pa board ndi ofanana.

Zipangizo za ku Johannesburg zinabwera ndi dalaivala wa lole, mnzake wa msuweni, kudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza. Chimene ndinayamba kutsegula ndi kabokosi ka processor, chifukwa pa AM4 timapini timakhala pansi pa processor yeniyeniyo ndipo kamodzi kakapindika kompyuta ikhoza kukana kuyaka. Tonse tinali towongoka. Chingwe cha magetsi chokha ndi chimene ndinagulanso kuno, popeza cha ku South Africa chili ndi mano ozungulira osalowa m'masoketi athu. Mu gawo lotsatira ndidzafotokoza za tsiku lolumikiza zonsezi, ndi mmene mng'ono wanga anayambira kugwira nane ntchito mu shopu.