Kuika inveta m'Hiace: fyuzi, mabatire ndi waya wabodza uja

Inveta, chida chosintha magetsi a batire kuti akhale ngati akunyumba, yayamba kugwira ntchito, kafiliji kakuzizira, mtima wakhala pansi. Ndilembe mutu ukadali wotentha, chifukwa anzanga angapo kuno ku Salima akufunsa kuti ndinachita bwanji.

Galimoto yake ndi Hiace yomwe tinachotsamo mipando yakumbuyo n'kuikamo bedi ndi kabati. Timagonamo tikapita ku Senga Bay kapena tikalowera ku Nkhotakota. Chomwe tinkafuna ndi magetsi a 230V ngati akunyumba, oti tilumikize kafiliji, fani, laputopu ndi matchaja. Za kuboola ndi kumanga mabawuti sindinena, aliyense wogwira sipanala akuzidziwa.

Yambani ndi masamu. Inveta ya 1000W pa batire la 12V imakoka ma amp 83, ndipo mukaonjeza mphamvu yomwe imatayika ngati kutentha, mukuyandikira 100. Kasoketi koyatsira fodya kaja fyuzi yake imakhala ya ma amp 10 kapena 15 basi, ndiye inveta yaikulu siilowera pamenepo, imafuna mawaya akeake kuchokera ku batire. Ketulo ya 2000W iwalani, madzi wiritsani pa mbaula. Ine ndinagula inveta ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati akunyumba, chifukwa zotchipa za mtundu wa modified sine wave zimaliritsa fani ndipo zimatenthetsa mota ya filiji. Onaninso ngati galimoto yanu ndi ya 12V, poti magalimoto ambiri akuluakulu ndi a 24V.

Tsono waya. Apa ndi pomwe ndinapsa mtima. Wa zamagetsi a galimoto yemwe amandithandiza ku Kamuzu Road anandilembera papepala: waya wa 35 mm², wofiira ndi wakuda, mkuwa weniweni. Kuno sindinaupeze wokula choncho, ndiye ndinadzuka m'bandakucha kukwera minibasi ya ku Lilongwe. Mushopu ina ya zamagetsi mnyamata anatulutsa waya wonenepa bwino, wonyezimira. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, ndi mkuwa umenewu?" Iye, "Bwana, uyu ndi orijino, onse a sola amagula yemweyu." Mtengo wakenso unali wa mkuwa, osatsitsa ngakhale pang'ono.

Titalumikiza, filiji ikangoti iyambe, inveta inkalira kenako n'kuzima. Mkulu wa zamagetsi uja anaika mita yake. Pa batire inkawerenga 12.6V, koma pa inveta inkagwa mpaka pansi pa 11, ndipo waya unali wofunda kuukhudza. Anatenga mpeni n'kupala tizingwe ta mkati. Kufiira konse kunachoka, kunatsala koyera mbee. Anayatsa machesi pansi pake, tizingwe tija tinangopindika n'kufota. Anandiyang'ana n'kuti, "Akulu, akugulitsani aluminiyamu wopaka mkuwa." Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 60 peresenti ya momwe mkuwa umachitira, ndiye waya wotero pa ma amp 100 amatentha, ndipo ali pansi pa matiresi omwe mukugonapo.

Ndinabwerera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa M14, minibasi ikuima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja. Kufika, mnyamata uja kulibe. Amene ndinamupeza anandilozera kapepala kapakhoma koti katundu akatuluka sabwezedwa, komanso akuti waya wodulidwa kale angamugulitse ndani. Ndinadikira mwini shopu mpaka dzuwa linapendeka, foni yake osayankha. Ndalama yathiransipoti, ndalama ya waya, tsiku lonse lantchito, zonse zinapita. Pomaliza ndinalowa mushopu ya zowotcherera zitsulo n'kugula waya wa makina a weludingi, wolemera m'manja, wofewa kupinda. Mukamagula, pitani ndi mpeni ndipo mupale waya iwo akuona, musanapereke ndalama.

Ndadumpha za batire. Inveta musaiike pa batire lolizira injini, mudzadzuka ku Chia m'mawa galimoto itakana kulira. Ine ndinaika lachiwiri, la deep cycle (lopangidwira kupereka magetsi pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali) la 100Ah, ndi relay yomwe imalumikiza mabatire awiriwo injini ikamalira n'kuwalekanitsa ikazima. Batire la asidi silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye pa 100Ah muli ndi 600Wh yokha yogwiritsa ntchito. Si zambiri ayi.

Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, pa waya wofiira, osapitirira masentimita 20 kuchokera pamutu wa batire. Yanga ndi ya ma amp 125. Ena amati inveta ili kale ndi fyuzi mkati, n'zoona, koma imeneyo siiteteza waya. Waya akakhuzika pa chitsulo pakati panjira, batire limakhuthula ma amp mazanamazana nthawi imodzi, ndipo chozimitsa palibe. Misewu yafumbi ya kunyanja kuno ndi yogwedeza, choncho paliponse pomwe waya wadutsa pa bowo la chitsulo tinaikapo kalabala. Waya wolumikiza mabatire awiri aja amafuna fyuzi mbali zonse ziwiri, chifukwa moto ukhoza kuchokera uku kapena uko.

Pogwira ntchito, waya wakuda wa negetivu ndiye woyamba kuchotsa ndipo ndiye womaliza kubwezera. Wotchi ndi mphete vulani. Nsonga za waya zilowe m'malagi (timitu tachitsulo tomangira waya pa bawuti) ofinyidwa ndi chida chake, osati kupota ndi manja n'kukulunga tepi. Polumikiza komaliza pamatuluka kamoto kakang'ono, musathawe, ndi momwe inveta imachitira ikamalandira magetsi koyamba.

Malo oika inveta anatitengera nthawi. Imafunika pafupi ndi batire kuti waya afupike, wanga sanafike mamita awiri, koma isakhale m'bokosi limodzi ndi batire, poti batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umayaka. Imafunanso mphepo. Kutentha kwa Salima mu Okutobala mukukudziwa, ndiye mukaitsekera m'kabati ndi zovala idzazima yokha masana. Tinaimangirira pa thabwa kuseri kwa mpando, kutali ndi chigubu cha madzi ndi silinda ya gasi. Kabawuti ka ethi kali pathupi la inveta tinakalumikiza ku chasisi, titapala penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chinawala, ndipo mbali ya 230V tinaikako RCD ya 30mA, kachida kodula magetsi akayamba kudutsa mwa munthu kapena pa chitsulo, masoketi asanayambe.

Ndibwerezenso, fyuzi pafupi ndi batire, ndipo waya mupale musanalipire.

Wina anandifunsa ngati magetsi akathima angatenge chingwe kuchokera m'galimoto n'kuchilowetsa pa soketi ya m'nyumba. Ayi ndithu. Moto umenewo umabwerera m'mawaya a mumsewu ndipo ukhoza kupha munthu yemwe akukonza pa polo, komanso magetsi akabwera inveta imapsa pomwepo. Mukafuna kuonera mpira, kokani ekisitenshoni kuchokera ku inveta, TV ilowe pamenepo. Mukamaliza zimitsani inveta, chifukwa imadyabe batire ngakhale palibe chomwe mwalumikiza.