Plus, minus ndi deki yakale ya malume

Ndikudziwa ena museka mukangoona mutuwu, muziti kodi ameneyu akadali pa zimbale nthawi ino ya maflashi ndi Google Drive? Sekani basi. Inenso ndinali nditaziiwala kalekale, laputopu yanga ilibe n'komwe polowetsa chimbale, koma malume anga ndi amene anandibweza m'mbuyo. Iwo ali ndi deki yawo yakale yoonerera mafilimu a pa DVD, ija yopanda polowetsa flashi, ndipo safuna kumva za kuisintha chifukwa akuti "imagwira bwinobwino, yalakwa chani?" Ndiye atamva kuti ndasonkhanitsa mavidiyo apabanja omwe anali mbalambanda m'mafoni a anthu, ena a ana akuphunzira kuyenda, ena muli malemu agogo akuyankhula, anangoti mphwanga undiikire pa chimbale ndizionera ndekha ndikafuna. Ine n'kuyankha kuti zazing'ono zimenezo malume, mawa lomweli. Mawa lakelo linatenga masabata atatu ndi zimbale 6 zotayidwa.

Choyamba ndinabwereka ka drive kakale kwa mnzanga, kutsogolo kwake kunalembedwa DVD ndithu, ine n'kumati zatheka. Ndaika chimbale chopanda kanthu, pulogalamu ikungoti ikani chimbale cholembeka, ndatulutsa, ndapukuta ndi malaya, ndabwezeramo, chimodzimodzi. Kenako ndinayang'anitsitsa timalemba tija ndiye ndinaona kuti palembedwa CD-RW/DVD-ROM. Amenewa ndi aja ankawatcha combo, amawerenga DVD koma kuwotcha, ndiko kulemba zinthu pa chimbale, amangowotcha CD yokha. ROM ikaoneka pambali pa DVD dziwani kuti pamenepo ndi kuwerenga basi. Ndipo si nkhani yoti mungaikonze ndi pulogalamu ayi, kuwotcha DVD kumafuna laser yofiira ya 650 nm yamphamvu zokwanira kusintha utoto uli m'kati mwa chimbalecho, pomwe CD imayendera ya 780 nm.

Ndiye ndinaganiza zogula yangayanga, apa m'pamene ndinakumana ndi chisokonezo cha plus ndi minus. Kale ndinkangoona ngati kachizindikiro kaja ndi kokongoletsa, kuti DVD-R ndi DVD+R ndi chinthu chimodzi, ena amakonda kamzere ena kamtanda. Ayi ndithu. Anali makampu awiri omwe sankamvana. DVD-R inayamba ndi Pioneer mu 1997 ndipo inali pansi pa bungwe la DVD Forum, kenako kunabwera DVD-RW yofufutika. Mbali inayo Philips, Sony, HP, Ricoh ndi anzawo anapanga gulu lawo la DVD+RW Alliance, anatulutsa DVD+RW mu 2001 kenako DVD+R mu 2002. Kukula kwake n'kofanana, 4.7 GB, m'maso simungasiyanitse, koma momwe burner, drive yowotcha zimbale ija, imadziwira pomwe yafika pa chimbale ndi mosiyana, ya minus ili ndi timaenje tokonzeratu pakati pa mizere, ya plus imadalira kupindikapindika kwa mzere womwewo. Ndiye maburner oyambirira ankasankha mbali, mukagula chimbale cha kampu inayo ndalama yapita. Sony inatulutsa DRU-500A mu 2002 yowotcha zonse ziwiri, ena n'kutsatira, koma tangoganizani nthawi yonseyo anthu akungovutika ndi kamtanda.

Palinso wachitatu amene anthu amamuiwala, DVD-RAM, wa Panasonic ndi anzake. Ameneyu amakhala ngati ka hard disk, mumangoponyamo fayilo n'kufufuta mmene mukufunira, ndipo amati amalembeka mpaka ka 100,000 pomwe RW ndi ka 1,000. Koma madeki ambiri apanyumba samuwerenga. Ine ndinafuna burner yomudziwa pa chifukwa chimodzi chokha, makamera ena akale ndi marekoda ena a pa TV ankajambulira pa DVD-RAM, ndiye tsiku lina wachibale akadzabwera ndi chimbale choterocho ndisadzachite manyazi.

Pa bokosi mawu oyenera kuwafunafuna ndi Super Multi, kapena DVD±RW yokhala ndi plus pamwamba minus pansi, kuphatikiza DL, kutanthauza zimbale za magawo awiri. Chenjerani ndi chizindikiro chongoti DVD Multi, chimenecho chinachokera ku DVD Forum ndipo pachokha chimangolonjeza -R, -RW ndi RAM, za plus sichinenapo kanthu. Zoona zake maburner pafupifupi onse atsopano amawotcha zonse, vuto limabwera mukamatenga yakale kapena yogwiritsidwapo kale ntchito. Ine sindikhulupiriranso zolemba zapatsogolo, ndimalumikiza n'kutsegula pulogalamu yowotchera zimbale yotchedwa ImgBurn, muli pena pamene imakuonetsani mndandanda wa zomwe drive imawerenga ndi zomwe imalemba, chilichonse ndi kachizindikiro kake. Mphindi imodzi yokha mwadziwa zonse.

Ndinatenga yakunja ya USB, yopyapyala ija, poti laputopu ilibe malo. Mukakhala ndi desktop ine ndingati tengani yam'kati yaikulu ya SATA, imakhala yolimba, thireyi yake sigwedera ndipo imafika liwiro la 24x pomwe zopyapyalazi zimathera pa 8x. Chongoyang'ana ndi kebulo, zakale kwambiri zimakhala za IDE, lamba wotambalala uja, ndipo makompyuta atsopano alibe polowetsa pake.

Chimbale choyamba kuwonongeka chinali cha moto. Yopyapyalayi imadya moto wa pa USB pomwepo, ndipo doko la USB 2.0 limapereka 500 mA basi, powerenga zimakwana koma laser ikayamba kuwotcha imafuna zambiri. Ine ndinali nditailumikiza pa ka hub pamodzi ndi mouse ndi foni ikutchaja, itafika chapakati ndinangomva kulira kwa mota kukutsika, vuuu, kenako error. Ichi n'chifukwa chake zina zimabwera ndi kebulo ya mitu iwiri, si yokongoletsa, lowetsani yonse, mwachindunji pa kompyuta.

Chachiwiri ndi chachitatu zinali umbuli wanga weniweni. Ndinangokoka mafayilo a MP4 n'kuwaponya pa chimbale ngati ndikuika pa flashi, pa laputopu zikusewera bwino, ndanyamuka monyadira kupita kwa malume. Deki yameza chimbale, yazungulira, yazungulira, LOADING ikuphethira pa kasikirini kaja, kenako zii. Malume akungondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinabwerera n'kuwotchanso china poganiza kuti choyambacho chinali chokalika, zomwezo. Nkhani ndi yoti deki yakale sidziwa MP4, imafuna DVD-Video yeniyeni, kutanthauza vidiyo yosinthidwa kukhala MPEG-2 n'kuikidwa mu foda yotchedwa VIDEO_TS, m'kati mwake muli mafayilo a VOB, IFO ndi BUP. Burner ilibe nazo ntchito zimenezi, iyo imawotcha chilichonse mwaipatsa, ndi pulogalamu ina imene imakonza fodayo kaye, ine ndinagwiritsa DVDStyler yomwe ndi yaulere. Pomwepo imakufunsaninso mtundu wa chithunzi cha pa TV, PAL kapena NTSC, PAL ndi 720 x 576 pa mafelemu 25, NTSC ndi 720 x 480, sankhani zogwirizana ndi TV ndi deki zomwe zikasewere. Ndipo chimbale chitsekedwe pomaliza, aja amati finalize, mukachisiya chotsegula kuti mudzawonjezere zina madeki ambiri amachiona ngati mulibe kanthu.

Apa ndinali nditatsimikiza kuti basi ndamaliza. VIDEO_TS ilipo, menyu ndaika yokongola ndi chithunzi cha agogo, chimbale chatsekedwa, ndayesa pa deki ya mnzanga wina chasewera. Kwa malume, NO DISC. Aaa, ndinakhala pansi. Malume anati "mwina chimbale chako n'chabodza mphwanga," n'kutenga chawo cha filimu chakale chokalikakalika, kuponyamo, nthawi yomweyo chayamba. Ndinatembenuza dekiyo kuona kumbuyo, ndi ya zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo chimbale changa chinali DVD+R. Mwachidule dekiyo inabadwa plus isanafale, ikawerenga kachizindikiro koyambirira ka pa chimbale konena kuti ine ndine mtundu wakuti, ikapeza dzina lomwe silidziwa imangokana osayesa n'komwe. Tsiku lotsatira ndinawotcha zomwezo pa DVD-R, osasintha kalikonse, inalandira.

Kenako ndinadzaphunzira kuti pali njira yoinamiza, ndipo apa ndi pamene maburner amasiyanadi ngakhale onse alembedwe Super Multi. Kachizindikiro kaja amakatcha book type. Pa zimbale za plus burner ndi imene imakalemba, ndiye ina imakulolani kuti mukasinthe kazinena kuti DVD-ROM, ngati chimbale chochokera ku fakitale, deki yakale n'kuchilandira osadziwa kuti yapusitsidwa. Amati bitsetting. Pa za minus sizitheka chifukwa kanadindidwa kale popanga chimbalecho. Si burner iliyonse imalola, ndipo pa bokosi salemba kawirikawiri, mumachita kufufuza nambala ya model yake pa intaneti musanagule. Yanga mwamwayi imalola, mu ImgBurn muli pomwe mumasinthira, ndinayesa DVD+R ina nditaisintha ndipo deki ya malume yomweyo inasewera ngati si iyo inkakana dzana. Kunena zoona kwa ine ichi n'chofunika kuposa liwiro lonse lomwe amalemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Za liwirozo, 1x pa DVD ndi pafupifupi 1.385 MB pa sekondi, ndiye pa 16x chimbale chodzadza chimatha m'mphindi ngati 6, pa 8x ngati 10 kapena kuchepera pang'ono. Kodi mukuthamangira kuti? Chimbale changa chachisanu ndinachiwotcha pa liwiro lapamwamba ndikuchita zina pa laputopu, chinasewera bwino koyambirira koma chakumapeto chithunzi chinayamba kuduka timabokosi n'kuima, pomwe agogo amayamba kuseka penipeni. Kumapeto kwa vidiyo kumakhala m'mphepete mwa chimbale, ndipo kumeneko ndi kumene zolakwika zimakonda kuchulukira. Pano ndimawotcha pa 4x, ndimachonga verify kuti pulogalamu iwerengenso zonse n'kufananiza, ndipo sindidzadzitsa mpaka pakamwa. Musadabwenso kompyuta ikamakuonetsani 4.38 GB pa chimbale cholembedwa 4.7, sanakubereni, ndi kawerengedwe chabe, opanga amawerenga m'ma 1,000 kompyuta m'ma 1,024.

Chachisanu ndi chimodzi chinali DL, cha magawo awiri, 8.5 GB. Ndinkafuna zonse zikwane pamodzi. Chinasewera mpaka pomwe laser imadumphira pa gawo lachiwiri, pamenepo deki inakakamira osapitanso. Ndibwino burner ikhale yodziwa DL, koma kwa deki yokalamba zimbale ziwiri wamba zimaposa chimodzi chachikulu. Ndi RW chimodzimodzi, ndinkaganiza kuti ndiziyesera pa chofufutika kuti ndisamataye zimbale, koma RW sinyezimira kwambiri ngati R, ndiye deki ikhoza kukana RW pomwe R yake ikanailandira, mayeso oterowo amakusocheretsani.

Wina anandifunsa kuti bwanji osangogula ya Blu-ray n'kuthana nazo. Ikhoza kukhala nzeru ngati cholinga ndi kusunga mafayilo ambiri, chimbale chimodzi ndi 25 GB, cha magawo awiri 50, ndipo maburner ake amawotchanso DVD ndi CD. Koma laser yake ndi ya 405 nm, deki ya DVD singaone kalikonse pa chimbale chimenecho, ndiye kwa malume sizikanathandiza. Chomwe ndinayang'ana m'malo mwake ndi chizindikiro cha M-DISC, zimbale zija zosagwiritsa utoto womwe umafwifwa ndi dzuwa ndi kutentha, pa DVD zimafuna burner yozidziwa. Sindinaguleko n'chimodzi chomwe, koma mavidiyo a agogo aja ndikufuna tsiku lina ndidzawaike pamenepo.

Kamodzi kokha ndikuchenjezeni za region, nambala ya dera la dziko lapansi imene amaika pa zimbale za mafilimu ogulitsa kuti zizisewera kudera lomwelo. Drive ya pa kompyuta imakulolani kusintha region ka 5 basi, kenako imakhazikika pa yomalizayo, ndiye musamangodina OK paliponse mukaika filimu yogula kunja. Zimbale zowotcha nokha zilibe vuto limeneli.

Lamlungu lapitali ndinapeza malume ataitana azakhali kudzaonera, chimbale chija achilemba okha ndi cholembera chofewa, AGOGO 1, ndipo abwereza malo omwe agogo akuseka katatu konse. Azakhali akupukuta misozi n'kutembenukira kwa ine, "nanenso undipangire changa mwanangu, deki ndili nayo." Ndawafunsa kuti ndi ya mtundu wanji, ya chaka chanji, akuti kaya, yasiliva. Ndiye ndawotcheratu tizimbale tiwiri ta mphindi zitatu zitatu, china minus china plus ya book type yosinthidwa, zili m'chikwama, Loweruka ndikukaziyesa kaye ndisanatsegule paketi yatsopano.