Lamba wanga ndi nthochi za apongozi

Ine ndine mkamwini. Ndanena poyambirira kuti mudziwiretu kuti pamudzi pomwe ndimakhala, kumunsi kwa msewu wochoka pa boma la Thyolo kupita ku Makwasa, zanga zenizeni ndi wayilesi, khasu limodzi ndi lamba. Zinazo ndimangosamalira.

Lamulungu lina mu Juni abusa analalikira za Msamariya wachifundo, pa Luka 10. Anati kuimba kwaya ndi kuvala jekete tonse timatha, koma mnzathu akagwa pamsewu timamulambalala ngati wansembe ndi Mlevi uja. Ponena zimenezi maso awo anali pa ine. Mwina ankayang'ana wotchi ya pakhoma kumbuyo kwangako, koma ine zinandilasa. Ndinatuluka nditalumbira chamumtima kuti sabata imeneyo isathe ndisanachitire munthu chifundo.

Koma ovutika sapezeka nthawi imene ukuwafuna. Lolemba ndinati ndisenzere nkhuni agogo ena, iwo n'kundithamangitsa ndi ndodo poyesa ndikuwalanda. Mayi akunyumba anangoseka. Iwo ndi a Mvano ndipo zawo salengeza: kukatungira madzi wodwala, kukasiya kambale ka nandolo kwa namfedwa, basi. Ine ndinkafuna chifundo chooneka, choti munthu n'kukaima nacho kutsogolo kuchitira umboni.

Lachitatu ndinagona pamaliro m'mudzi woyandikana nawo. M'bandakucha ndinanyamuka, bulangete paphewa. Chiperoni chinali chitatseka konsekonse, minda ya tiyi osaoneka, kamvula kake kaja kowaza kolowa mpaka m'mafupa. Ndili pachitunda ndinamva wina akubuula. Kuyang'ana, mnyamata, njinga yagwera m'ngalande, mikoko itatu ya nthochi ili m'matope.

Mtima unangoti: njira ya ku Yeriko ija ndi ino.

"Achimwene, mwavulala?"

Atandiona anadzidzimuka n'kuyamba kuyang'ana kothawira. Ine ndinati ndi manyazi chabe.

"Musaope, ndine munthu wopemphera."

"Madala, ingopitani, ndikwanitsa ndekha."

Anatero katatu konse. Koma munthu amene wasaka chifundo masiku atatu simungamubweze ndi mawu. Ndinatsikira m'ngalandemo, n'kudzutsa njinga, n'kukweza mikoko ija pakaliyala. Malegeni ake anali ataduka. Ndinayang'ana uku ndi uku, luzi panalibe. Ndiye ndinavula lamba wanga wachikopa, amene apongozi anandigulira pa msika wa Luchenza chaka chimene ndinawamangira khitchini, n'kumanga katunduyo bwinobwino mpaka kuboola bowo latsopano ndi msomali.

Nthochi zake zinali zosiririka, kabuthu wonenepa ngati mkono wa mwana. Kwathu kuno nthochi yotere siisowa woyamikira. Thyolo kale ankadyetsa Blantyre yense nthochi, mpaka matenda a chisaka anabwera, masamba kumangounjikana pamwamba osabereka kanthu. Alangizi anati tizule zonse, tibzale mbewu yatsopano yopanda matenda. Tinazula misozi ili m'maso, ndipo m'misika munadzaza nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Maenje a mbewu yatsopano kudimba kwa apongozi ndinakumba ndine, msana mpaka lero umandikumbutsa. Choncho ndinamuyamikira mnyamatayo.

"Mwalima, achimwene! Kwathu kulinso zonga zimenezi, kufanana ngati mapasa."

Iye anangotsokomola.

Pa mkoko waukulu panali kansalu kachitenje kobiriwira, komangidwa mfundo ziwiri. Ndinakazindikira ndithu kuti mayi akunyumba ali ndi chitenje chotero, ndipo anang'ambapo kansanza n'kumangirira pa mkoko umene anaupatula kuti ukhale wa masika kutchalitchi. Koma ndinati zitenje masiku ano n'zofanana, fakitale ndi imodzi.

Tinakankha njinga mpaka pa tala, iye kutsogolo, ine kumbuyo, dzanja limodzi pakaliyala, lina litagwira thalauza. Pamenepo ndinati tipemphere. Ndinatsinzina n'kunena mokweza kuti, "Ambuye, dalitsani mwini wake wa nthochizi, ndipo pamene zachoka pabwere zina." Ameni wake anali wachangu kwambiri. Ndinamupatsanso K1,000 ya tiyi, n'kumulangiza kuti mavenda a pa boma asamunyenge mtengo.

Ndinalowa m'mudzi ndikuimba nyimbo ya m'buku, umboni nditaukonza kale ndime ndi ndime. Pakhomo panali zii. Anthu onse anali kudimba, apongozi manja ali kunkhongo, mitengo itatu ya nthochi yangoti njo yopanda mitu, utomoni ukudonthabe.

Ndikanakhala wanzeru ndikanangoyamba kulira nawo. Koma mayi akunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka m'chiuno.

"Abambo, bwanji mwagwira thalauza? Lamba ali kuti?"

"Ndachitira munthu chifundo."

"Munthu wake uti?"

Ndinayamba kufotokoza, mawu akuchepa ndime iliyonse. Pofika pa kansalu kobiriwira, ngakhale ine ndinali nditamva nkhani yonse. Apongozi salankhula nane maso ndi maso, mwambo sulola. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Tawafunsa bambowa, pomukankhira njingayo sanamufunse ngati akufunanso mbuzi?"

Dzuwa lisanafike pamutu apolisi akumudzi anabwera naye mnyamata uja, nthochi, njinga, lamba ndi zonse. Kubwalo kwa amfumu sanakane mlandu. Anangoti ngolo imodzi siyenda yokha, pachitunda paja akanalephera pakanapanda madala ena opemphera. Amfumu anakweza lamba m'mwamba n'kufunsa mwini wake. Ndinaimirira, dzanja lili m'chiuno, bwalo lonse likugubuduzika ndi phwete. Nduna ina inafunsa ngati K1,000 ija inali chifundo kapena malipiro.

Chimene chinandipweteka n'chakuti apongozi anamukhululukira wakubayo. Atamva kuti amalera azing'ono ake awiri yekha, anati asapite kupolisi, azibwera kudzakumba maenje a nthochi. Amabweradi, ndipo masana amadya nsima ya ndiwo za nkhuku pakhonde pathu. Akandiona amavula chipewa: "Mwaswera bwanji, a Msamariya?" Dzinali lafika mpaka ku Sande sukulu.

Mkoko wa kansalu uja unapitabe ku masika, wophwanyika mbali imodzi. Pogulitsa zopereka palibe anaufuna, ndiye mkulu wa mpingo anati woyenera kuugula ndi amene anaupempherera. Ndinagula nthochi zimene ndinakumbira maenje, kuthirira, ndi kukankhira pachitunda.

Lamba sanabwerere. Apongozi anati popeza ndaonetsa kuti amamanga bwino katundu, azimangira mbuzi yawo. Ndimamuona m'mawa uliwonse m'khosi mwa mbuziyo, bowo langa la msomali lili pomwepo.