Dzuwa la Monet linasowa pafoni yanga

Lachinayi usiku, magetsi atazima, ndinali gone pabedi ndi foni m'manja, kuyang'ananso chithunzi chija chimene anapenta Claude Monet, wojambula wa ku France, chotchedwa Impression, soleil levant. Kuyambira pamene temu ino inayamba ndachiona kambirimbiri: doko la Le Havre m'mbandakucha, nkhungu itakuta madzi, timaboti tikuoneka mwa apo ndi apo, ndi kadzuwa kooneka ngati lalanje lakupsa. Ndinali nditawerenga kuti Margaret Livingstone, katswiri wa za ubongo ndi maso ku Harvard, anaonetsa kuti ukachotsa mitundu pachithunzichi, dzuwalo limatsala pang'ono kusoweratu. Ndinati ndidzionere ndekha. Ndinatsegula pamene timakonzera zithunzi pafoni, n'kuchisandutsa chakuda ndi choyera.

Dzuwa linasowadi. Linangosungunukira m'thambo, kutsala kabanga koti uchite kukafufuza. Ndinabwezeretsa mitundu, ilo lili ngwee ngati khala lamoto. Ndinachotsanso, zii. Ndinachita zimenezi mwina kakhumi, ndipo mtima, umene wakhala uli m'mwamba miyezi itatu chifukwa cha phunziro lathu la mbiri ya zojambula, unakhala m'malo.

Za Salon, chionetsero chachikulu cha zojambula ku Paris, ndi mmene inkakanira Monet ndi anzake, za chionetsero cha 1874 m'nyumba imene Nadar ankajambuliramo zithunzi ku Paris, za Louis Leroy amene anawapatsa dzina lakuti ma Impressionist powanyoza, sindikamba. Tonse m'kalasi mwathu tinaloweza zimenezo. Chimene ine sindinkamvetsa n'chakuti, kodi anthuwa ankatanthauzanji ponena kuti akujambula kuwala? Kuwala ungakujambule bwanji ndi penti, chinthu chimene pachokha sichiwala?

Yankho lake ndi limene ndinaona usiku uja. Dzuwa la Monet silowala kuposa thambo limene lalizinga. Kusiyana kwake ndi mtundu basi: lalanje pakati pa buluu wotuwa. Mmene Livingstone amafotokozera, maso ndi ubongo zimagawana ntchito. Mbali ina imaona pamene chinthu chili, kutalika kwake ndi kuyenda kwake, koma siizindikira mitundu, imangodalira kuwala ndi mdima. Mbali inayo ndi imene imazindikira mtundu ndi kuti chinthucho n'chiyani. Ndiye pachithunzichi mbali imodzi ikuti dzuwa ilo, inayo ikulephera kuligwira kuti lili pati kwenikweni. Mpake kuti limaoneka ngati likuphethira. Kuphethirako sikuli pansalu. Kukuchitika mwa ine woonerayo.

Nditagwira pamenepa, dzina la Chevreul, limene ndinangoliloweza pamodzi ndi chaka cha 1839, linayamba kulankhula. Michel Eugène Chevreul ankayang'anira zonyika ulusi mu utoto kufakitale ya Gobelins ku Paris, kumene amaluka nsalu zokongoletsera makoma. Kunabwera madandaulo akuti ulusi wakuda sukuda bwino. Atafufuza anapeza kuti utoto unalibe vuto. Chimene chinkausintha maonekedwe ndi mtundu umene wayandikana nawo. Diso likaona mtundu wina, limakankhira woyandikana nawo ku mtundu wotsutsana: pafupi ndi buluu zinthu zimapendekera ku lalanje, pafupi ndi chofiira zimapendekera kobiriwira. M'mawa mwake ndinapita kwa telala wa pamsika n'kupempha tizidutswa ta nsalu. Ndinadula kansalu kotuwa pakati, chidutswa china ndinaika pa nsalu yofiira, china pa yobiriwira. Nsalu imodzimodziyo, koma maso akukana kwamtuwagalu kuti ndi imodzi. Amayi amene amasankha chitenje ndi bulauzi yoyendera limodzi amadziwa kale zimenezi, ngakhale sazitchula dzina.

Tsopano ndikuona chifukwa chake mithunzi ya ojambulawa ili yabuluu ndi yapepo m'malo mwa yakuda. Ndikuonanso chifukwa chake Monet anabwereza milu ya tirigu ya pafupi ndi kwawo ku Giverny m'zithunzi pafupifupi 25 m'zaka za 1890 ndi 1891, kenaka tchalitchi chachikulu cha ku Rouen koposa ka 30. Poyamba ndinkaganiza kuti anasowa choti ajambule. Ayi ndithu. Mulu ndi womwewo, koma zimene zikufika m'diso nthawi ya mame si zimene zikufika dzuwa likamapendeka, ndipo iye ankathamangitsa zimenezo.

Georges Seurat anafuna kuti nkhaniyi ikhale ngati masamu. Chithunzi chake cha anthu akupuma pachilumba cha La Grande Jatte, chimene anachiyamba mu 1884 n'kuchionetsa mu 1886, n'chachikulu mamita awiri kwa atatu, ndipo chadzaza timadontho ta penti yosasakaniza, kuti kusakanizako lichite diso. Vincent van Gogh anatengera nzeru yomweyo kwina. M'chithunzi cha malo omwera usiku ku Arles, cha mu 1888, makoma ndi ofiira, denga ndi tebulo n'zobiriwira, ndipo analembera mng'ono wake Theo kuti ndi mitundu iwiriyi ankafuna kuonetsa zilakolako zoopsa za anthu. Ukachiyang'ana nthawi yaitali umamva kubanika, ndipo tsopano ndikudziwa pamene kubanikako kukuchokera.

Anzanga, njira iyi yochotsa mitundu pafoni, ine ndikuti palibe yoiposa. Sabata ino ndaika chithunzi chilichonse chimene chili m'manotsi mwanga pa mayeso amenewa, ndipo ndaphunzira zambiri kuposa zonse zimene ndinakopera pabolodi. Bwenzi kalasi iliyonse ya mbiri ya zojambula ikuyamba ndi zimenezi tsiku loyamba, dzina la munthu aliyense lisanatchulidwe. Sizifuna ndalama, sizifuna ngakhale bandulo ngati chithunzi unachitsitsa kale.

N'chifukwa chake zikundiwawa. Aphunzitsi athu ndi munthu wodziwa zinthu, ndimawalemekeza, koma maola onse anathera pa mayina ndi zaka. Zionetsero zisanu ndi zitatu za ma Impressionist, kuyambira 1874 mpaka 1886. Roger Fry, London, 1910, ndiye anayambitsa dzina lakuti Post-Impressionism, la ntchito za ojambula amene anabwera pambuyo pawo monga Seurat ndi van Gogh. Tinalemba zonsezo. Zithunzi zenizenizo tinazionera pa mapepala a fotokope, zakuda ndi zoyera. Taganizani: tinkaphunzira za dzuwa la Monet papepala pamene dzuwalo silingaoneke n'komwe! Nditafunsa tsiku lina kuti kuwalako kuli pati, anandiyankha kuti silabasi ndi yaitali, tipite patsogolo. Sindikuti ndi vuto lawo okha. Kalasi ndi yodzaza, pulojekita imodzi timalimbirana ndi makalasi ena, ndipo mayeso atsala masabata awiri. Koma miyezi itatu yapita ndikudziona ngati wosamva, chonsecho chimene chinkasowa ndi mphindi zisanu zoyang'ana.

Komabe pali pamene pakundivuta. Paul Cézanne sakugonjera njira yangayi. Ndachotsa mitundu pa zithunzi zake za phiri la Sainte-Victoire, phirilo likungokhalabe chilili, lolemera, ndipo sindikumvetsa chimene chikuligwira. Ndiye palinso nkhani ya foni. Galasi la foni limatulutsa kuwala kwake, pamene penti imangobweza kuwala kwa m'chipinda. Chithunzi chenichenicho chili ku Musée Marmottan Monet ku Paris, ine ndachionera pa kagalasi kochepa kuposa chikhatho changa. Kodi chimene chinandikhudza usiku uja ndi ntchito ya Monet, kapena theka lake ndi la foni? Ndipo ngakhale zonse za maso ndi ubongozi zili zoona, sizikundiuza chifukwa chake ndikayang'ana kaboti kakuda kali kutsogolo kaja, ndi anthu ake awiri pamadzi m'mawa wozizira, ndimamva chisoni chimene sindingathe kuchilemba papepala la mayeso. Mwina wina mwa inu anafikapo pamenepa, ine sindinafike.