Lachitatu ku Mzuzu: dzungu mulu wake, nkhwani mulu wake

Kwacha ndi chifunga, ndipo mvula ya Epulo yakhala ikuwaza mpaka cha m'ma 10 koloko. Ntchito ya lero inali ndi alimi a ndiwo zamasamba ochokera m'madimba a m'mbali mwa Lunyangwa, ndipo nkhani inali imodzi: kodi mlingo wa zotsalira za mankhwala ophera tizilombo pa chakudya amauika bwanji, nanga n'chifukwa chiyani mankhwala ololedwa pa mbewu ina sangangothiridwa pa inzake? M'malo moyamba ndi mapepala, tinayamba ndi dengu. M'mawa tinagula pamsika waukulu tomato, kabichi, repu, mpiru, bonongwe, nkhwani, chigwada, kholowa, therere, tsabola, mabiringano, zitheba, nyemba zouma, dzungu, chinangwa, mbatata, mbatatesi, nthochi ndi magwafa. Zonse tinazithira pamphasa, n'kupempha alimiwo kuti aziike m'milu, zapachibale pamodzi.

Anaika monga aliyense wodziwa munda angaikire. Dzungu linapita ndi nkhwani, chinangwa ndi chigwada, mbatata ndi kholowa, nyemba ndi zitheba, kabichi ndi repu ndi mpiru. Milu yonseyi tinaiphwasula.

Mlingo tikunenawu umadziwika ndi zilembo zakuti MRL, ndipo umalembedwa m'mamiligalamu a mankhwala pa kilogalamu imodzi ya chakudya. Padziko lonse amene amaika milingo imeneyi ndi bungwe la Codex Alimentarius, lomwe nthambi za United Nations zoona za chakudya ndi ulimi (FAO) ndi za umoyo (WHO) zinakhazikitsa mu 1963. Kuti mlingo upezeke, mbewu imalimidwa m'minda yoyesera, imapoperedwa ndi muyezo waukulu womwe lebulo ikuloleza, kangapo konse komwe ikuloleza, kenako imakololedwa tsiku loyamba lomwe lebulo ikuti mutha kukolola, n'kupita nayo ku labotale. Zotsatirazo zimayerekezedwanso ndi chakudya chomwe anthu amadya, kuti aone ngati thupi lingapirire. Ku European Union amafuna mayeso 8 pa mbewu yaikulu ndi 4 pa mbewu yaing'ono, pa mankhwala alionse paokha. Ndalama zake n'zambiri, ndipo kampani yopanga mankhwala siingaziwononge chifukwa cha bonongwe. Ndiye njira yomwe inapezeka ndi yakuti mbewu zofanana ziikidwe m'gulu limodzi, mayeso achitike pa mbewu imodzi kapena ziwiri zoimira zinzake, mlingo wotulukawo ugwire gulu lonse.

Kufanana kwake si kwa mtundu wa chomera. Chomwe amayang'ana ndi gawo lomwe munthu amadya, ndi momwe mankhwala amalifikira. Mbatata ili pansi pa nthaka, madontho a mankhwala saikhudza. Kholowa ali pamtunda, walandira zonse. Choncho pamndandanda wa magulu wa Codex, mbatata, chinangwa ndi mbatatesi zili m'gulu 016 la mizu, pomwe kholowa ndi chigwada zili m'gulu 013 la masamba, m'kagulu ka masamba a mbewu za mizu. Dzungu lili m'gulu 011 limodzi ndi nkhaka ndi mavwende, koma nkhwani uli m'gulu 013, m'kagulu kakekake ka masamba a maungu ndi abale ake. Nyemba ndiye zimagawika patatu: khwanya ku masamba, zitheba ku gulu 014, nyemba zouma ku gulu 015 komwe kulinso khobwe, nandolo ndi soya. Mtedza, womwe aliyense akanauika ndi nyemba, uli ku gulu 023 la mbewu za mafuta.

Pa kabichi panali mtsutso. Bambo wina wachikulire anati, "Koma alangizi, mbozi yake ndi imodzi, nsabwe zake ndi zimodzi, mankhwala timagula amodzimodzi. Mukusiyanitsa chiyani?" Funso lake linali loyenera, ndipo yankho linali m'manja mwake momwemo. Tinamupempha anyamule mutu wa kabichi kudzanja limodzi, mpukutu wa mpiru kudzanja linalo. Kabichi ndi wolemera, masamba ake ambiri ndi obisika mkati, mankhwala amagwera pa masamba akunja okha. Mpiru tsamba lililonse lili poyera, mbali zonse ziwiri, ndipo ndi lopepuka. Mukapopera zonse ziwiri ndi sipuleya imodzi tsiku limodzi, kilogalamu ya mpiru imatenga mankhwala ochuluka kuposa kilogalamu ya kabichi. N'chifukwa chake kabichi ali m'gulu 010, pomwe repu ndi mpiru zili m'gulu 013. Masiku odikira musanakolole mukapopera, olembedwa pa kabichi, si masiku a mpiru ayi.

Mbewu yoimira zinzake siisankhidwa mwachisawawa. Malangizo a Codex a mu 2012 akuti ikhale yomwe ingasunge zotsalira zambiri m'gululo, ikhale yolimidwa kapena kudyedwa kwambiri, komanso ifanane ndi zinzakezo m'maonekedwe, kakulidwe, tizilombo toigwira ndi gawo lodyedwa. Pa kagulu ka tomato amayesa wamkulu ndi wamng'ono yemwe, popeza wamng'ono ali ndi khungu lambiri poyerekeza ndi kulemera kwake. Pa tsabola amayesa wosawawa ndi wowawa. Akatswiri a JMPR, omwe amaunika mayesowa m'malo mwa FAO ndi WHO, ali ndi lamulo lina lothandiza: zotsatira za pakatikati za mbewu zoimirazo zikasiyana kupitirira kasanu, mlingo umodzi wa gulu lonse suikidwa. Ndipo malangizo a kapoperedwe ayenera kukhala ofanana pa mbewu zonse za m'gululo. Mayeso omwe muyezo wake wapatuka kupitirira 25 peresenti pa zomwe lebulo ikunena sawerengedwa momwe alili.

Therere ndiye chitsanzo cha pomwe kuika m'magulu kumapunthwa. Pamndandanda lili m'gulu 012, m'kagulu kamodzi ndi tsabola. Koma khungu la tsabola ndi losalala, pomwe la therere lili ndi cheya ndi mizere, ndipo therere limathyoledwa lili lanthete masiku awiri kapena atatu alionse. Zinaoneka kuti zotsatira za tsabola sizingaimire therere bwinobwino, moti milingo ingapo ya Codex ya kagulu ka tsabola imalembedwa momveka kuti therere mulibe. Mlimi wa therere amatsala wopanda mlingo, ndipo kusowa mlingo kumapweteka pa malonda. Ku European Union, pomwe palibe mlingo woikika amagwiritsa ntchito 0.01 mg/kg. Kuti muone kuchepa kwake, ndi galamu imodzi ya mankhwala m'matumba 2,000 a makilogalamu 50. Katundu atha kubwezedwa osati chifukwa ndi wakupha, koma chifukwa palibe amene anachita mayeso.

Masana mvula itakata tinalowa m'munda wina wapafupi, ndipo apa m'pamene nkhani yonse inaonekera. Chimanga, pansi pake maungu ndi nyemba, monga timalimira tonse. Chimanga chikagwidwa ndi ntchemberezandonda mlimi amapopera, ndipo salakwa: lebulo ikutchula chimanga. Koma milingo ya pa chimanga inaikidwa poganizira njere zomwe zili mkati mwa makoko ndipo zidzakololedwa patapita milungu yambiri. Madontho otsetsereka ndi ouluka ndi mphepo amagwera pa nkhwani ndi khwanya, masamba otambalala a cheya omwe amagwira madzi, ndipo mawa lake mayi amabwera kudzathyola ndiwo. Ife izi zimatidetsa nkhawa kuposa za katundu wopita kunja, chifukwa mphangwe yotereyi, monga amatchulira anzathu akuno, siidutsa pa labotale iliyonse. Imachoka m'munda kulowa mumphika, kapena kupita kumsika wa Zigwagwa.

Zomwe tinagwirizana ndi alimi ndi izi. Munda wosakaniza ukapoperedwa, masamba a pansi asathyoledwe ngati lebulo sikutchula ndiwo zamasamba. Ndiwo za pakhomo zichokere pa kachigawo kena komwe sipuleya sifikako. Pa chimanga, lunjikitsani mankhwala mu kamsongole ka pamwamba momwe mbozi imabisala, osati kumwaza munda wonse. M'dimba la repu kapena mpiru, momwe mumathyola mlungu uliwonse, gawani mabedi pawiri kapena patatu: thyolani kaye, poperani pambuyo, bedi limenelo lidikire masiku onse a pa lebulo uku mukuthyola kwina. Zikani kamtengo pa bedi, mulembepo tsiku ndi dzina la mankhwala, chifukwa wopopera ndi wothyola nthawi zambiri sakhala munthu mmodzi. Muyezo uyezedwe ndi kachikho kake kapena jekeseni yopanda singano malinga ndi kukula kwa sipuleya, kaya ndi ya malita 16 kapena 20. Chivindikiro cha botolo si muyezo. Mukawirikiza mankhwala kawiri, zotsalira nazo zimakhala pafupifupi kawiri, ndipo masiku odikira aja sakwaniranso.

Mayi wina anafunsa ngati kutsuka sikuchotsa. Kumachotsa ena okhala pamwamba, monga ufa wa mancozeb womwe ambiri amaudziwa kuti Dithane, koma osati wonse. Mankhwala olowa mkati mwa chomera monga dimethoate madzi sawafika. Mchitidwe wothira mankhwala pa tomato wothyolathyola kuti akhalitse pamsika ndi woipa kotheratu, palibe mayeso kapena mlingo womwe unaganizira zimenezo. Kufutsa nako kuli ndi pake: madzi akachoka m'masamba kulemera kumatsika kwambiri, mankhwala omwe sanaphwanyike ndi kutentha amatsala m'kamfutso kochepa. Pa tsabola wouma akatswiri nthawi zambiri amachulukitsa mlingo wa tsabola wamuwisi ka 10. Masamba ofutsa azichokera pa bedi lomwe ladikira masiku ake onse.

Zipatso tinadutsapo mwachangu. Magwafa ali m'gulu 005 la zipatso zodyedwa ndi khungu lomwe, nthochi, mapeyala ndi mango zili mu 006 la zosenda. Komatu kuno mango ambiri amadyedwa osasenda, makamaka ndi ana, choncho mtengo womwe wapoperedwa tisaudalire chifukwa cha gulu lake lokha.

Chakumadzulo tinaonetsa katengedwe ka zokayezetsa, kwa omwe akufuna kugulitsa m'masitolo akuluakulu. Tomato ndi zina zolemera magalamu 25 mpaka 250, tengani kilogalamu imodzi yosachepera zipatso 10. Kabichi ndi zina zopitirira magalamu 250, makilogalamu 2 osachepera mitu 5. Nyemba zouma ndi chimanga, kilogalamu imodzi. Tolani m'malo osiyanasiyana a munda kapena m'mabokosi osiyanasiyana, osatsuka, osasenda, osadula. Pa kabichi chotsani masamba ofota ndi owola okha. Ikani m'thumba latsopano, lembani mbewu, tsiku ndi mankhwala onse omwe anathiridwa, sungani pozizira, zifike ku labotale msanga. Kaya mankhwala ndi olembetsedwa pa mbewu yanu m'Malawi muno, amene amanena ndi a Pesticides Control Board, pomwe za miyezo ya chakudya zili ndi a Malawi Bureau of Standards.

Alimi anabwera ndi mabotolo awo opanda kanthu monga tinawapemphera, ndipo tinawerenga malebulo limodzi. Tomato, kabichi, chimanga, nyemba ndi fodya zinatchulidwa. Pa mabotolo omwe analipo lero, sitinapeze lotchula nkhwani, chigwada kapena bonongwe. Ena anali ogula mopima, opanda lebulo n'komwe, ndipo amenewo tawaika padera kuti asabwererenso kudimba.