Mmene Pennsylvania ndi New Jersey anandichititsira manyazi pa pampu

Abale inu, ku America kuli ma state awiri oyandikana, Pennsylvania ndi New Jersey, pakati pangodutsa mtsinje wa Delaware basi, koma pa nkhani yothira mafuta m'galimoto sagwirizana olo pang'ono. Ine onse awiri anandivula ulemu weekend imodzi yomweyo, aliyense mwa njira yake.

Ndinali kwa alamu anga ku Philadelphia. Iwo anali pa shifiti, ndiye anandibwereka kagalimoto kawo kakalekale kuti ndikaone msuweni wanga tsidya linalo. Nzeru zanga zonse zinali pa kuyendetsa kumanja kwa msewu, ndimangodzinong'oneza kuti kumanja aise, kumanja, mpaka ndinangoona kagetsi ka mafuta kayaka ndisanatuluke n'komwe mu tauni. Alamu amenewa galimoto amabwereketsa ndithu, koma mafuta ayi.

Ndinakhotera pa filing'i, kuima bwinobwino pa pampu, kuzimitsa injini, kutsitsa windo, chigongono panja, 20 dollars m'manja. Kudikira. Pajatu moyo wanga wonse mafuta amachita kundithirira, ntchito yanga imangokhala kutchula ndalama. Ndinadikira mpaka wailesi inasintha nyimbo, palibe wabwera. Magalimoto ena akubwera, eni ake akutsika, akugwiragwira pampu, akupita, ine mumtima ndikuti anthu akuno kupupuluma, olo kudikira wantchito sangathe. Ndinalizako hutala pang'ono, mwaulemu.

Kenako ndinamuona. Bambo wina wa jekete yowala ija, wayima pa pampu ya patsidya akuthira mu pikiapu. Ndinati eya, wantchito uja ndi ameneyu. Ndinamukodola ndi dzanja, nkumuonetsa ndalama, nkuti bwana mukamaliza uko mubwere kuno, a 20. Munthu anandiyang'ana, nkuyang'ana kumbuyo kwake ngati mwina ndikulankhula ndi wina, kenako kuseka kwake mpaka kugwira bondo. Anali wokonza misewu, pikiapu inali yake. Anandiuza kuti achimwene kuno mukhala mpaka mawa, tsikani muzithirire nokha.

Ndinatsika. Vuto loyamba, chitseko cha thanki chili mbali inayo, paipi ndikukoka siikufika. Bambo uja, yemwe pano anali atasiya zopita kuti aonere filimu yaulere, anandilozera pa dashibodi kuti pambali pa kachithunzi ka pampu pali kamuvi kakang'ono, komwe kaloza ndi komwe kuli thanki. Zaka zonsezi ndikuyendetsa galimoto kamuvi kameneka sindinakaonepo, ndipo ndikudziwa ena mukuwerenganu mupita mukasuzumire lero.

Nditatembenuza galimoto ndinati ndiyese khadi. Pampu inandifunsa ZIP code. Ine ndinaika PIN. Yakana. Ndinaikanso PIN yomweyo koma mwamphamvu. Yakananso. Kumeneko pampu imafuna manambala 5 a dera lomwe khadi yako inalembetsedwa, ndiye khadi yakunja nthawi zambiri imangokanidwa, umayenera kulowa mu shopu kukalipiriratu. Ndinalowa, kupereka 20 ija, mayi wa pa kauntala nkundifunsa kuti pampu nambala chani. Ine ndinangoti ya galimoto yasiliva. Panja panali magalimoto asiliva okhaokha. Ndinatuluka kukawerenga nambala, pobwerera mzere wakula, ndinakaima kumbuyo mwakachetechete.

Pano ndiye pofika pachimake. Ndinatsegula chivindikiro cha thanki nkuchiika padenga pa galimoto, ndinayang'ana mapaipi, ina chogwirira chakuda, ina chobiriwira. Mutu wanga unati chakuda ndi cha utsi, ndiye dizilo, chobiriwira ndi petulo. Ndinatenga chobiriwira molimba mtima. Sichikulowa. Ndinapotoza, kukankha, kuikapo ndi bondo, thukuta kamukamu, ndikuti kagalimoto ka alamu n'kopindika pakamwa. Mwadzidzidzi pampu inayankhula! Mawu a mayi wa mu shopu uja akutuluka pa sipika, filing'i yonse ikumva, akuti bambo a pa nambala 4, imeneyo ndi dizilo. Ndinalumpha ngati nkhuku yopondedwa mchira. Ku America chobiriwira nthawi zambiri ndi dizilo, ndipo kukamwa kwa paipi yake anakupanga kokulirapo dala kuti kusalowe mu thanki ya petulo. Amene anaganiza zimenezo Mulungu amudalitse, anapulumutsa injini ya alamu komanso chibale chathu.

Zotsalazo zinayendako. Mabatani atatu a mitundu ya petulo, 87, 89 ndi 93, ndinadina 87 poti ndi yotchipa, mafuta nkuyamba kulowa. Ndinangodandaula kuona nambala ikukwera pang'onopang'ono, ndikuti andibera, osadziwa kuti akuwerenga magaloni, ndipo galoni imodzi ndi pafupifupi malita 3.8. Ndinabweza paipi, kutseka kachitseko, bambo wa jekete uja anandiombera m'manja, ndinanyamuka.

Powoloka mlatho wa Benjamin Franklin Bridge kulowa ku New Jersey ndinali munthu wina. Ndimadzimva kuti America ndayimaliza. Kagetsi kena kachikasu kooneka ngati injini kanadzayaka pambuyo pake koma ndinati ndi ukalamba wa galimoto.

Mawa lake pobwerera ndinati ndiwonjezere mafuta, alamu aone kuti ndinaleredwa. Ndinaima pa filing'i ina ku New Jersey, mbali yolondola, kamuvi ndakaona. Ndinatsika mwa staili, kukwinya manja a malaya, kulunjika pa paipi yakuda osayang'ana n'komwe yobiriwira. Ndisanayikoke ndinangomva hey hey hey! Mnyamata wa jekete yowala akuthamangira kwa ine. Ine poti dzulo ndinaphunzira kuti a jekete yowala ndi makasitomala anzathu, ndinamuuza modekha kuti pepani achimwene, inenso sindigwira ntchito pano, muzithirire nokha, ndi zophweka, mungopewa yobiriwirayo.

Anali wantchito weniweni kkkkk. Analanda paipi nkundiuza kuti ndibwerere m'galimoto, ku New Jersey kasitomala saloledwa kudzithirira petulo, ndi lamulo. Ndinaganiza kuti akufuna tipi. Ndinaimbira alamu pompo, ndikuti alamu, dziko lanuli mwaligawa bwanji, dzulo andiseka chifukwa chokhala m'galimoto, lero andikalipira chifukwa chotsika. Iwo kuseka mpaka kutsokomola, nkuti alamu khalani pansi, mnyamatayo akunena zoona. Lamulolo ndi la 1949, ndipo chindapusa chake koyamba chimayambira 50 mpaka 250 dollars. Pa pepala chifukwa chake ndi kuopa ngozi ya moto, koma nkhani imene imakambidwa ndi ya mkulu wina, Irving Reingold, yemwe anatsegula filing'i yodzithirira mu tauni ya Hackensack ku New Jersey konko nkumagulitsa motchipa, eni mafiling'i ena osasangalala nazo, mpaka anakakamiza kuti lamulolo likhazikitsidwe. State ya Oregon nayo inali ndi lamulo lotere koma inamasula mu 2023, ndiye state yotsala ndi New Jersey yokha.

Kunena zoona ine mbali yanga ndi ya New Jersey. Kunja kukuzizira, iwe uli phee mkati, manja osanunkha petulo, wina wapezapo ntchito, palibe sipika yokuyalutsa pagulu. Odzithirira amati kwawo n'kwachangu, sudikira munthu, chabwino, koma changu chimenecho ine sindinachione.

Ndinakhala m'galimoto, windo pansi, chigongono panja, ndikumva kukoma. Mnyamata uja anatsegula kachitseko ka thanki, nkukhala kaye chete, kenako anabwera pa windo nkundifunsa kuti bwana, chivindikiro chili kuti? Foni inali idakali pa khutu. Alamu anamva. Ndinangoti alamu, musadandaule, chili ku Pennsylvania konko, mwina chayandikira kale kunyumba kuposa ine. Iwo anati kagetsi kachikasu kayaka eti? Ndinati kayaka dzulo. Anati mugule china musanawoloke mlatho, ndipo musungeko ndalama ya toll, chifukwa pa mlatho umenewo kupita ku New Jersey ndi ulere koma kubwerera ku Philadelphia amalipiritsa.