Zikomo inu amene simubisira odwala zotsatira zawo

Tikuthokoza anamwino ndi alembi a m'zipatala amene wodwala akapempha zotsatira za magazi mumamupangira fotokope, n'kumulembera tsiku limene anayezedwa, dzina la mankhwala, mamiligalamu ake komanso kuti azimwa kangati patsiku. Enanu mumalembanso ndi zilembo zikuluzikulu mankhwala amene amamuwenga, monga penisilini.

Pepala limenelo limapulumutsa moyo. Wodwala akatumizidwa kuchipatala china, dokotala wakumeneko sayambiranso kuyeza zonse, ndipo amaona msanga ngati shuga wakhala akukwera. Popanda pepalalo munthu amangoti "ndimamwa timapilitsi toyera", ndiye n'kosavuta kum'patsanso mankhwala omwe akumwa kale, mlingo n'kupitirira.

Zikomonso inu odwazika amene mumafunsira wodwala wofooka, osatopa, mpaka dokotala atafotokoza momveka.